Upile pa Chilumba cha Robben

Upile Shaibu wa ku Ntaja wagwira ntchito ku Doha, m'dziko la Qatar, zaka zisanu ndi ziwiri, m'nyumba imodzi yomweyo ya ku Al Hilal. Amachapa, amasita, amalera Noura, mwana wa abwana ake wa zaka zitatu. Si munthu wolankhulalankhula. Mchimwene wake wamkulu, Saidi, ndi security guard ndipo amakhala ku Najma, mu Doha momwemo.

Chaka chatha, kutentha kutafika povuta, banja la abwana linapita ku holide ku Cape Town ndipo linamutenga kuti azikasamala mwana. Tsiku lachinayi Madam anati, "Yalla, tiye Upile, lero tikwera boti."

Botilo linawafikitsa pa chilumba cha Robben, pomwe pali ndende yakale ya akaidi andale. Kunali mphepo yozizira. Mwana anasanza m'njira, moti Upile anatsika malaya ali onyowa paphewa. Wowaonetsa malo anali bambo wachikulire, yemwe anati iyenso anamangidwapo pomwepo. Anawalowetsa m'chipinda chachitali, nawalozera pamene ankagona. Anthu ankajambula ndi mafoni. Upile anaima kumbuyo, mwana ali kumsana.

Bambo ake a Upile, Che Shaibu, anali mphunzitsi. Apolisi anadzawatenga kusukulu iye ali ndi zaka zinayi, nthawi ya chipani chimodzi, ati chifukwa cha mawu ena amene analankhula pamaliro. Kukhoti sanapite nawo. Anabwerako patatha zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo atachoka, nayamba kulima fodya. Mpaka kumwalira kwawo sananenepo za komwe anali.

Gulu likutuluka, bambo uja anaona mmene Upile anaberekera mwana ndi chitenje, nafunsa m'Chingerezi, "Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Malawi." Kenako anawonjezera kuti, "Bambo anga nawonso anamangidwapo. Kwathuko."

"Zaka zingati?"

"Six."

"Ankakamba?"

"Ayi."

Bamboyo anagwedeza mutu. "Ine pano ndimakamba tsiku lililonse, poti ndi ntchito. Kunyumba kwanga sindikamba."

Madam anaitana kuti anthu akuwasiya, Upile nathamangira.

Atabwerera ku Doha, pa Lachisanu la off anakwera basi kupita ku Najma. Anamupeza Saidi pa kashopu ka tiyi, akadali mu uniform, namufotokozera za chilumbacho. Saidi anamvetsera akutakasa tiyi.

"Ine ndinafikako kumene anawasunga bambo," anatero. "Kamodzi, ndi mayi. Iwe tinakusiya kwa azakhali. Tinatenga sopo ndi mtedza, tinakhala pageti kuyambira m'mawa. Msilikali analandira katunduyo, kenako n'kutiuza kuti munthu wa dzina limenelo kulibe."

"Nanga bwanji simunandiuze, achimwene?"

"Sunafunsepo."

Upile anafunsa dzina la ndendeyo ndi kayendedwe kake. Saidi anamuuza pokwerera minibasi ndi potsikira, n'kunena kuti kotsalako n'kwa kabaza.

"Ukapezako chiyani?"

"Kaya. Ndikangoona pagetipo."

Mu December anapatsidwa leave ya mwezi umodzi, napita kumudzi. Mvula inali yambiri, mayi ake ankadwala mwendo, ndipo masiku ambiri anathera pa mzere wa kuchipatala. Kundende kuja sanafikeko. Upile anawafunsa mayi akewo kamodzi za ulendo wawo wa kundende uja, ali pabenchi podikira mankhwala. Iwo anangoti unali mtunda wautali, ndipo nsapato za Saidi zinaduka pobwerera.

Mu January Upile anabwerera ku Al Hilal, nasaina contract ina ya zaka ziwiri.