Kukatenga bowa wa tiyi ku Michesi

Ndinanyamuka ku Chiringa m'mawa, masiku amene matipate anali atangoyamba kumene. Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, anali atatupa miyendo moti kudimba anali atasiya. Anamva kutchalitchi kuti patsinde pa phiri la Michesi pali mayi wina, a Nalivata, amene amaweta bowa m'tiyi wa shuga, ndipo tiyiyo akasasa amachiza.

"Ukabwere naye wamoyo," anatero agogo. "Akuti akafera panjira, zathera pomwepo."

Matola a ku Migowi anali makwacha khumi. Ndinakhala pa thumba la nandolo, mwendo umodzi uli kunja. Nditatsika ndinagula chigumu n'kuuyamba wapansi, phiri lili patsogolo panga.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. A Nalivata anandilonjera m'Chilomwe, ndipo nditawafotokozera za agogo, anandionetsa ndowa zovundikira ndi nsalu. Bowayo ankayandama, wotuwa, woterera ngati chikopa chonyowa. Anasenda wa pamwamba n'kundiikira m'kachitini kapulasitiki, pamodzi ndi tiyi wake.

"Uyu ndi mwana wake. Sagulitsa, amangopatsana. Usavundikire zolimba, amapuma."

"Amachizadi?" ndinafunsa chapansipansi.

"Ena akuti amachiza matenda a shuga, ena akuti ngakhale matenda atsopanowa. Ine ndinaika mwana wanga m'manda akumwa tiyi yemweyu, ndiye sindinganame. Amathandiza, koma mapiritsi agogo ako asasiye."

Sindinaonepo munthu wolankhula choncho za mankhwala ake omwe.

Pobwerera, kondakitala anadina chivundikiro zolimba kuti ndisathire anthu. Ndinachita manyazi kumuletsa. Kutentha, mabampu, kenaka phu! Chivundikiro chinadumpha, thovu lonse pa jekete ya mkulu wina wa mpingo.

"Mwana iwe, uwu ndi mowa!"

"Mowa wanji, abambo?" anatero mayi wina wogulitsa tomato. "Apongozi anga anataya ndodo ndi tiyi ameneyu."

"Anangoiiwala penapake," mphunzitsi wina anayankha. "A chipatala akukana zimenezi. Ena atsegula nazo m'mimba."

Galimoto yonse inasanduka bwalo la milandu. Ine maso anali pa bowa, amene anali atagwera pa ntchafu pa akulu a mpingo aja, akutsetsereka kulowera kufumbi. Anamugwira ndi dzanja, atakwinya nkhope, n'kumubwezera m'chitini.

"Ukupititsira ndani?"

"Agogo anga. Atupa miyendo."

"Ine sindingamwe," anatero akupukuta zala ku thalauza. "Koma vundikira ndi mpango wangawu, asaume."

Tinafika ku Chiringa dzuwa likupendeka. Agogo anasuzumira m'chitini, n'kundiuza nditereke tiyi msanga, mlendo wafika ndi njala.

Miyendo inaphwa pang'onopang'ono mvula itayandikira. A chipatala anati ndi mapiritsi, agogo anati ndi bowa. Ine sindinalowerere. Ndinangowanyamulira khasu tsiku limene anabwerera kudimba.