Lilime Langa Linatsogola Kumudzi

Ndinaganiza zochoka tsiku limene makina a pa boda anandilanda ntchito osandiyang'ana n'komwe. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkalembera madalaivala a mathiraki mapepala a katundu pansi pa mtengo wa mango, ndipo cholembera changa chinkathamanga mpaka kutentha. Dalaivala wina anayatsirapo fodya, mboni zilipo. Kenaka kunabwera makina oganiza okha aja, owerenga mapepala thiraki isanafike. Mzere wa madalaivala unatha, ife olemberafe tinathanso. Ndinatsanzika amayi kwathu kufupi ndi Kachebere, n'kukwera basi ya ku Lusaka.

Kumeneko ntchito inandipeza chifukwa cha pakamwa. Kampani ina yogula mbewu, eni ake ali kutsidya kwa nyanja, inkafuna munthu wa Chichewa cha kumudzi. Ankanditsekera m'kachipinda kopanda zenera, makoma a siponji, ine n'kumawerenga zolembedwa: "Mwadzuka bwanji, mayi? Mtedza wanu wauma?" Kambirimbiri, mosekera, mwachisoni, monong'ona. Mayi wa ku Zambia woyang'anira makinawo ankangoti, "Bwezani futi, a Malawi, musekeko pang'ono." Miyezi inayi. Tsiku lomaliza anandiyatsira makinawo, ndinamva ndikulankhula zinthu zomwe sindinanenepo, ndi kakhosomoledwe kanga komwe. Anati zikomo, ntchito yatha.

Ndalama zoyamba ndinatumiza kwa amayi, zotsala inadya lendi. Zaka ziwiri ndinkatsuka mathiraki. Foni ndinagulitsa, ndipo kumudzi sindinatumize uthenga uliwonse, poti moni wa chimanjamanja amalemera kuposa thumba la feteleza. Ndinkatha sabata osalankhula ndi munthu. Tsiku lina nditayasamula, mkamwa munatuluka kangaude. Sindikuwonjezera ayi, anali wamng'ono.

Ndinabwerera mu Juni, nthawi yogulitsa mtedza, dzuwa lili paliwombo. Mudzi unali zii. Ndiye ndinayamba kumva mawu anga omwe m'mafoni a anthu. Kuseri kwa nkhokwe ya a Zulu ndinali kufunsa ngati mtedza wauma. Pa mjigo ndinali kutchula mtengo wa soya. M'nyumba ina ndinaseka, kenaka ndinakhosomola. Mwiniwakene ndili panjira, chikwama m'manja, pakamwa potseka.

Anthu atandiona sanathawe. Ankangolowa m'nyumba chambuyo, mmodzimmodzi, n'kutseka zitseko mwaulemu.

Amayi anali pakhonde akuswa mtedza, foni ili pamwendo.

"Odi, amayi."

"Ima pomwepo." Sanadzuke. "Tulutsa lilime."

"Amayi?"

"Ndati tulutsa."

Muyenera kudziwa kuti kwathu munthu akasowa, mawu ake n'kumamveka akulemeretsa ena, nkhani sivuta kumasulira. Ameneyo ndi ndondocha: wolemera wamupha m'matsenga, wamudula lilime, akumugwiritsa ntchito yopanda malipiro. Kungoti a kwathu anagwirizana kuti olemera a masiku ano achenjera, thupi akumataya, akumasunga lilimelo. Akatekisiti anakana mwambo wa maliro popanda mtembo, koma amalume anali atayamba kale kuvala jekete langa.

Ndinatulutsa lilime. Bambo wa zaka makumi anayi, pabwalo, masanasana. Amayi analiyang'ana nthawi yaitali, analigwira ndi zala za fumbi la mtedza, n'kulikoka ngati akuyesa chingwe cha mbuzi.

"Ndi lomwelo," anatero. "Lowa. Koma waonda ngati wakufa ndithu."

Ndili mkati mwa kudya ndinaona kuti denga likulowetsa dzuwa, khola la mbuzi lili pululu. Ndinafunsa. Mavenda a ku Chipata ankabwera ndi mtengo wabwinopo, amayi ankawabweza. Zaka ziwiri mtedza wonse ankaupereka kwa mawu aja pa mtengo uliwonse umene atchula, thiraki n'kubwera kudzatenga. Theka la mudzi linkachita chimodzimodzi, ena chifukwa cha mantha, ena poti mwana wa pamudzi sangawabere.

"Nanga inu amayi, osanenerera n'komwe?"

"Mwana wako umanenerera naye? Ndinkati ndikakana, akakumenya kumeneko."

Ndinasiya kudya.

Foni inalira. Amayi anapukuta zala pa chitenje, n'kuilandira ndi manja awiri.

"Mwaswera bwanji, mayi? Mtedza wanu wauma?"

Ndinailanda. Ndinamuuza woyimbayo kuti mwini mawuwo ndine, ndabwera, akweze mtengo kapena awasiye amayi anga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chinthu chomwe ine sindinachitirepo munthu. Kenaka, ndi mawu anga, ofatsa ngati a wansembe pa maliro, anati, "Pepani bambo, mtengo wa lero ndi womwewo. Apatseni mayi foni."

Ndinawalongosolera amayi zonse: kachipinda kaja, makina, eni ake akutali omwe sadziwa n'komwe kuti mtedza umabereka pansi. Mulibe munthu m'menemo, ndinatero, palibe amene akumenyedwa. Ndinalumbira, ndipo kamodzi kokha m'moyo wanga sindinathirepo mchere. Amayi ankagwedeza mutu, anamva zonse bwinobwino. Kenaka anatambasula dzanja.

"Bweretsa. Iwe uli ndi miyendo, uli ndi pakamwa, ukhoza kudzipezera. Uyu amandidzutsa m'mawa uliwonse, ndipo alibe wina."

Ndinawapatsa. Matumba anayi a mtedza omwe anatsala ndinasenza ndine kupititsa ku msewu.