Chitseko Chimene Chinatsekera a Patrisio

Mundikhululukire owerenga. Ine si mlembi, cholembera ndimangochigwira pochonga ntchito za ana kushikola. Nkhaniyi ndaiyamba kangapo n'kuing'amba, kuopa kunamizira munthu. Zimene sindinaone ndi maso anga ndafunsa kwa amene analipo, ndipo dzina la mwini galaji ndalisintha dala. Pomwe ndaphonya, mlandu ukhale wanga, osati wa a Armindo.

A Armindo amapezeka kuseri kwa msika wa Ulongwe, mu ofisina yokonzeramo makina, ya malata, yodzaza ndi mapampu othirira m'madimba ndi mamotoro a zigayo. Anakulira pa mishoni, bambo awo ali akatekisita. Akuluwo ankafuna mwana wawo adzakhale mphunzitsi, koma mwanayo ankangokhalira kumasula wailesi ya m'nyumba. Atakula anatsikira ku Tete, n'kukhala zaka zambiri akukonza zitseko zamagetsi m'nyumba za mabwana a kumigodi ya malasha. Kutentha kwa kumeneko kutawakola, anabwerera kumapiri kuno ali ndi imvi za m'mbali ndi mphuno yovuta.

Ndati mphuno yovuta chifukwa munthuyu makina amayamba wawanunkhiza asanawagwire. Akamva fungo la waya wopsa kapena mafuta owola amakwinya nkhope n'kunena kuti, "Nyansi!" N'chifukwa chake msika wonse umawatcha Mesitiri Nyansi, ndipo iwo amayankha osakwiya. M'thumba la malaya mwawo simusowa khoko la ndimu loika pamphuno zinthu zikafika poipa.

M'mawa wina wa mwezi wa chisanu, dzuwa litakwera kale, mu ofisinamo munalowa mayi wina wachikulire ali wefuwefu. Anali a Benvinda, akazi a mlonda wina dzina lake a Patrisio.

"Mesitiri, tiyeni msanga. Abambo akwathu atsekeredwa."

"Apolisi?"

"Ayi, chitseko. Kwa a Custódio."

A Custódio ndi wamalonda a mbatata ya kachewere. Amagula kwa alimi a ku Domwe n'kumatumiza ku Tete pa kamyau yawo, lole yaikulu. Galaji yogonekamo kamyauyo anaiikira chitseko chogula chogwiritsidwa kale ntchito ku Joni, chija chimadzikweza chokha ukadina komando, kabokosi kokwana m'manja. Alendo akabwera ankadina dzanja lili m'thumba, kuti aone momwe akumudziwo adzidzimukire. Zimenezi a Armindo ankazidziwa. Zomwe sankadziwa anazimva m'njira kwa a Benvinda. Akuba atabapo mabatire, a Custódio anatseka khomo la m'mbali ndi njerwa. Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse mlonda amalowa m'galaji, patarau wake, bwanayo, amadina komando, chitseko n'kutsika, komandoyo n'kukagona nayo kuchipinda. Mlondayo amatuluka m'mawa, mwini akadzuka.

"Ngati mbuzi?" anafunsa a Armindo ataima pamsewu.

"Mbuzi imakhala ndi kazenera," anayankha mayiwo.

Pagalajipo anapeza anthu atasonkhana, ndipo ine ndinali mmodzi mwa iwo. A Custódio, atavala jekete lachikopa, ankangodinadina komando ngati akupha nsikidzi.

"Mesitiri, mwafika bwino. Kamyau ili m'katimo ndi katundu, imayenera kunyamuka m'mamawa."

"Munthu alinso momwemo, ndamva."

"Eya, nayenso."

A Armindo anagunditsa khutu pachitseko n'kuwauza kuti adinenso. M'katimo motoro inalira bwinobwino, koma kulira kwa chinthu chozungulira chopanda katundu, pansi pake pakumveka kukhukhuluzika. Unyolo wokoka chitseko sunagwedezeke n'komwe.

"Magetsi alipo, motoro ili moyo," anatero. "Kagudumu ka mano kamene kamayendetsa unyolo katha mano. Lekani kudina, mukungokapera."

Kenako anagwada n'kuika mphuno pampata wa pansi pa chitseko. Anadzuka msanga, dzanja likufufuza khoko la ndimu. Munkatuluka utsi wa makala, fungo la mbatata yowola, la mkodzo, ndi linanso la chinthu chakufa.

"Madala! Muli moyo?"

"Ndikanafa ndikanakuuza," anayankha mawu ofooka, kenako chifuwa. "Ndiwe mwana wa akatekisita? Ndiye wabwera kudzandipempherera kapena kudzanditsegulira?"

"Mbaula ikuyaka?"

"Nanga chisanu cha usiku uno unachimva iwe? Koma mutu ukundiwaza."

Nkhope ya a Armindo inasintha, pakuti utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha. Anawauza kuti azimitse makalawo ndi madzi aliwonse amene ali nawo, ngakhale a m'chidebe chokodzeramo, kenako agone pansi mphuno ili pampata. Atapumako, anawauza kuti ayang'ane kudenga. Pa njanji yomwe unyolo umayendamo pamalendewera chingwe chofiira. Ukachikoka, chitseko chimalekana ndi motoro, n'kumakwezeka ndi manja. Opanga zitsekozi amachiikira tsiku ngati limeneli.

A Patrisio anayankha kuchokera m'katimo.

"Palibe chingwe kuno."

"Ndinadula," anatero a Custódio, osaphethira n'komwe. "Ndani angasiye chingwe choti mlonda azitsegulira anzake usiku? Kachitsulo kamene chingwecho chimakoka nakonso ndinakamanga ndi waya."

A Armindo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala ya jekete, n'kutembenuka kulavula m'ngalande. Anapempha kuti adule chitseko ndi makina odulira zitsulo. Mwini anakana kwamtuwagalu, akuti chitseko chotere kuno sichipezeka. A Benvinda anayamba kulira chapansipansi.

Panalibenso nthawi yokangana. A Armindo anabwereka chitsulo chochotsera matayala, anatukula m'munsi mwa chitseko pang'ono, n'kulowetsa alikati yawo yodulira waya.

"Madala, kwerani pakamyau, pamwamba pa matumba. Mufika pa njanjiyo, mudule wayayo."

"Ine? Mawondo anga anasiya kukwera zinthu nkhondo isanathe."

"Mtengo wa mapichesi wa abambo mfumu munkakwera bwanji? Atate anga ankakusimbani."

"Atate ako anali kazitape."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Tinamva nsapato zikukwekwereza pachitsulo, kenako kutukwana, phazi litalowa m'thumba la mbatata yophwetekera. Kenako chifuwa chachitali. Kenako palibe kanthu.

"Abambo a Márcia!" anaitana a Benvinda akumenya chitseko ndi chikhatho. "Abambo a Márcia, yankhani!"

A Armindo anali atagwira kale makina odulira aja, osayang'ananso kwa mwini. Asanawalumikize kumagetsi, kumwamba kunamveka kuti thapu, waya waduka, kenako gwa.

"Kagwa kachitsulo kako," anatero mawu aja. "Tsono nditsike bwanji?"

Anyamata onyamula katundu panjinga anathamangira kukweza chitseko. Chinali cholemera ngati ng'ombe yakufa, moti anachita kuchichirikiza ndi mtengo. Fungo limene linatuluka linabweza anthu m'mbuyo mpaka kumsewu. A Patrisio anawatsitsa atawagwira m'khwapa, maso ali psuu, buluku litanyowa ndi madzi a mbatata. Anawakhazika padzuwa, akazi awo akuwapukuta kumaso ndi chitenje. Dalaivala analiza kamyau n'kutuluka, a Custódio akumukuwira kuti asaime paliponse.

Apa ndi pomwe ntchito yeniyeni inayambira. A Armindo anakwera makwerero n'kumasula chivundikiro cha motoro. Chinthu choyamba kugwa chinali khoswe wakufa, wofufuma, mphutsi zili nyakanyaka. Kuseri kwake kunali chisa cha nsanza za matumba ndi zitosi.

"Nyansi! Nyansi zenizeni!"

Kagudumu kaja kanali kosalala ngati nkhama za nkhalamba, mano ake atasanduka ufa woyera wosakanikirana ndi phala lakuda. Phalalo linali paunyolo wonse, lomata ngati ulimbo. A Armindo analitapa ndi chala n'kununkhiza, ndipo anatsala pang'ono kusanza.

"Mwakhala mukuthira chiyani apa?"

"Mafuta," anayankha a Custódio. "Otsala kwa okazinga mbatata kumsika. Anyamata a ku Kalomwe sathira omwewo pamaunyolo a njinga? Njinga zawo zimanyamula matumba mpaka ku Dedza."

N'zoona, kwathu kuno mafuta okazingira akada sitiwataya, amapita ku unyolo wa njinga. Koma njinga imayenda pamvula, imatsukidwa, imaoloka mitsinje. Pansi pa denga mafutawo amangouma n'kumamwa fumbi la matumba, ndipo makoswe amawamvera kutali. Anali atayambanso kudya mawaya. A Armindo sanafotokoze zonsezi. Anangoloza pamwamba pa khomo pomwe panali mola, chitsulo chopota chomwe chimasenza kulemera kwa chitseko. Inali itaduka kalekale, podukapo pali dzimbiri.

"Motoro iyi ntchito yake n'kutsogolera chitseko, kusenza ndi kwa mola. Yakhala ikunyamula yokha mtolo wonse mpaka mano kutha. Simunkamva ikubuula?"

"Inkatsegula ndithu."

Anabwerera ku ofisina kukasanthula m'bokosi la zitsulo zomwe anachoka nazo ku Tete. Anapezamo kagudumu kofanana ndi mola yogwirapo ntchito koma yamoyo. Masana onse anatsuka unyolo ndi palafini, atamanga mpango pamphuno, madzi akuda akuyenderera m'zigongono. Anakulunga mawaya odyedwa, anapaka mafuta enieni a makina, anamanga mola n'kumaikunga pang'onopang'ono mpaka chitseko chinayamba kuima chokha pakati, osagwa osakwera. Atadina komando chinakwera mwakachetechete, moti a Custódio anaomba m'manja.

Pomaliza a Armindo anatulutsa chingwe chofiira chatsopano, n'kuchimanga chachitali, choti munthu wamfupi ngati a Patrisio achifikire ataima pansi.

"Icho ndiye ayi," anatero a Custódio akutulutsa mpeni.

"Mukadula, mawa mudzatola mtembo."

"Mwakonza kale, chivutanso chiyani? Nyumba ndi yanga, Mesitiri."

A Patrisio anadzuka pomwe anakhala, n'kuwagwira a Armindo pamkono.

"Asiye adule, mwana wanga. Pa msinkhu wanga uno ntchito ina ndikaipeza kuti? Mbaula ndisiya."

Mawu amenewa ndi amene anawapweteka a Armindo koposa fungo lonse la tsikulo. Kenako anakweranso makwerero, anamasula chivundikiro chomwe anali atangomanga kumene, anazula kagudumu kawo n'kukaponya m'thumba momwe munali khoko la ndimu. Atatsika anakweza chitseko ndi dzanja limodzi, n'kuchitsitsanso.

"Chitseko chanu ndi ichi, chapepuka, ngakhale madalawa akweza. Mola ndakusiyirani. Mpiringidzo wake uli m'kati, wotseka ndi amene wagonamo. Mukafuna kutsekera munthu ngati chiweto, kaguleni loko kumsika, mumutsekere ndi manja anu anthu akuona. Koma osati ndi kagudumu kanga."

A Custódio anatukwana mpaka a Armindo kukhota pangodya, akuti akaitana amisiri enieni ku Tete. Mwina adzabweradi, sindingalosere. Chomwe ndikudziwa n'chakuti loko sanagule. Nkhani inali itafika kale kumsika, ndipo ogulitsa maloko onse ankawadikira ndi funso limodzi, loti akufuna kutsekera ndani. Mpaka pamene ndikulemba pano, a Patrisio amadzitsekera okha madzulo ndipo amadzitsegulira okha m'mawa. Ntchito akadali nayo, ngakhale patarau wawo sawalankhula bwino. Akakumana ndi a Armindo amawadandaulira kuti anawaika pamoto, kenako amapempha fodya.

A Armindo okha sakonda kuikamba nkhaniyi. Nditapita kukawafunsa dzina lenileni la kagudumu kaja kuti ndisalembe zolakwika, ndinawapeza akununkhiza pampu ya mlimi wina. Anati dzina lake silingandithandize kanthu, n'kupitiriza ntchito.

Nyumba za mipanda yaitali zikuchuluka pa Ulongwe, ndipo ena mwa eni ake ndi makolo a ana omwe ndimaphunzitsa. Mwambo wathu ndi woti mlendo amayamikira zomwe wamuonetsa, basi. Ine ndatsimikiza mtima kuti pa zitseko zokha mwambowo ndiuphwanya. Wina akandionetsa chitseko chake chodzitsegula, ndisanayamikire ndidzayamba ndafunsa kuti kuseri kwake kumagona ndani, ndipo akafuna kutuluka amatulukira pati.