Mbale Imodzi

Likulu litasamuka ku Zomba, bambo anapatsidwa nyumba ku Area 10, yaikulu kuposa katundu wathu. Ukatsokomola, makoma amakuyankha. Kunja kunali fumbi lofiira la mathirakitala, ndipo ku City Centre tchire linali lochuluka kuposa maofesi. Ndimalisowa fungo la penti yatsopano lija mpaka lero.

Achemwali anga sanabwere nafe. Anatsala ku Zomba, kwa mnzawo wa bambo, kuti amalize Sitandade 8. Bambo anati sukulu sasinthira pakati pa chaka. Mayi sanatsutse, komanso sanavomere.

Loweruka lina bambo anabwera ndi chithunzi chopenta pamanja, chogula pafupi ndi msika. Panali kamtsikana katanjuta kuseri kwa nyumba, beseni patsogolo, mbale m'manja, nkhuku ikujompha pambali. Anachikhoma pabalaza. Bambo anali munthu woti ngakhale kalendala akanatha kuimasulira, choncho mlendo aliyense tiyi amamuzizirira akumva kuti kamtsikanako ndi chitsanzo cha khama, mwana wodziwa ntchito asanatumidwe. Ine phunzirolo linkandinyansa, chifukwa ndinkadziwa kuti akunena ine.

Tsiku lina alendo atapita, mayi anaima patsogolo pa chithunzicho ndi thireyi m'manja.

"Bambo ake, mbalezo munaziwerenga? Mwana wotsuka mbale imodzi ndiye kuti wadya yekha. Ameneyu sali kwawo."

Bambo anaseka, nati wojambulayo penti inangomuthera. Koma kumasulira kuja kunathera pomwepo. M'mawa ndinkawapeza atamanga kale tayi, ataima pakhoma paja, galimoto ya kuntchito ikuliza hutala panja. Sabata ziwiri zisanathe anakwera basi ya ku Zomba, mayeso asanafike n'komwe.

Achemwali anafika ataonda, manja atauma gwa. Mayi anawaphitsira madzi osamba, ine n'kuwakokera pabalaza kuti aone chimene chawabweretsa. Ndinawafotokozera zonse monyadira, za khama, za mbale imodzi, bambo ndi mayi akumvetsera pakhomo.

Achemwali anachiyang'ana chithunzicho kanthawi ndithu.

"Uyu ndi wamwayi," anatero motsitsa mawu. "Akutsuka imodzi yokha. Ine ndinkatsuka za nyumba yonse, kenako ndidye zotsala."

Madzulo amenewo bambo anapinda malaya, natsuka mbale okha, koyamba m'moyo wanga.