Mafupa a Anthu Awili pa Chulu cha M'munda Mwathu

Chigwinjili chija chinali cha mkuwa, chobiliwila chifukwa chokhalitsa m'dothi, ndipo chinatuluka pa khasu langa. Ndinali mu Sitandade 2. Chilimwe chimenecho ana a sukulu tinali kukumba dothi la njelwa pa chulu cha m'munda mwathu ku Magodi. Kale mwana anali kugwila nchito. Ana a masiku ano, ozolowela tiyi ndi buledi, angakomoke dzuwa lisanafike pamutu.

Pansi pa chigwinjilicho panali fupa la mkono. Aphunzitsi anatiletsa makasu, nayamba kufukula okha ndi kamtengo. Munali anthu awili. Woyamba anali ndi zigwinjili kuyambila padzanja mpaka pachigongono, mikanda yabuluu m'khosi, ndi mphika wosweka kumutu. Wachiwili anagona chopingasa kumapazi kwake. Iyeyu analibe kanthu, ngakhale phale. Dothi linali lozizila, lonunkha chiswe.

Aphunzitsi anatiimika pamzele. "Uyu anali mwini anthu. Uyu anali kapolo, anamuika kuti apelekeze mbuye wake. Onani mano ake, anatha ndi chakudya cha mchenga." Sananame. Aphunzitsi a nthawi imeneyo sanali kulankhula zopanda mutu.

Amalume anali pa vuto chaka chimenecho. Anafunsila mkazi kwa Angoni a ng'ombe kutsidya kwa dambo, koma akuluakulu a kumeneko anali kuzengeleza, ati ife ndife zidzukulu za anthu ogwidwa pa nkhondo. Atamva za chulu, amalume anati munda ndi wathu, chotelo wa zigwinjiliyo ndi kholo lathu. Anaitana akwawo kwa mtsikana kuti adzaone okha pa tsiku loikanso mafupa. Anapha mbuzi. Anagula nsalu yoyela, imodzi yokha.

Ine ndinakhulupilila, ndipo kusukulu ndinayamba kuyenda chifuwa patsogolo.

Tsikulo wa zigwinjili anamukulunga m'nsalu. Mafupa a winayo anawaunjika m'dengu lakale kuti awakwilile pambali. Alendo anakhala pa mipando, ndodo zawo pamaondo. Amayi sanali munthu wolankhula pagulu. Ananyamuka pakati pa akazi, namasula chitenje chawo chapamwamba, chija cha kuchalichi, nagwada pa dengu. Anatola mafupa limodzilimodzi, akupukuta dothi ndi chala. Kenaka analila chapansipansi, mmene munthu alilila wa pa mtundu wake.

"Mlongo, mukuchita chiyani?" amalume ananong'ona. "Anthu akuona."

"Aone," anatelo amayi. "Uyu wazizidwa kokwanila."

Alendo anadya mbuzi, natsazika mwaulemu. Sanatumizenso mawu. Mtsikana uja anakwatiwa ku Chikomeni. Amalume sanapondenso pakhomo pathu mpaka titakolola.

Ndinakwiyila amayi. Ndinayesa kuti anasokoneza, kuti pa awiliwo anasankha wolakwika. Ndinawauza: "Amama, wathu ndi uja wa mikanda." Anandiyang'ana, nandituma kukamwetsa mbuzi.

Lelo ndine nkhalamba, ndipo sindinena kuti mafupa a m'dengu anali a m'bale wathu. Palibe adziwa. Chimene sindinadziwe nthawiyo n'chakuti agogo amene analela amayi anafika ku Magodi ali kamtsikana, atamangidwa chingwe cha ukapolo m'chiuno, ndipo mudzi umene anachokela sanautchulepo mpaka imfa. Amalume nawonso analeledwa m'nyumba yomweyo. Anali kudziwa.