Msongolo Wanga ndi Makeni a Kudimba

Lachisanu, m'mwezi wa Juni

Ndadzuka msongolo wakumanzere ukuwawanso, ngati wina akukanikiza fupa ndi chala chachikulu. Kunja kunali nkhungu. Ndinakhalabe m'bulangete ndikumvetsera anthu akutsikira kumadimba. Chaka chatha nthawi ngati imeneyo ndinkakhala nditadutsa kale pamlatho, thukuta lili kamukamu.

Tinayamba kuthamanga tili Folomu 1, ine ndi mnzanga wa nyumba yachitatu kuchokera pathu. Sitinali m'timu ya sukulu ayi. Tinkangochedwa, ndiye tinkathamangira belu. Kenaka tinapezeka tikuthamanga ndi Loweruka lomwe, popanda belu, kuchoka m'mudzi mpaka pamsewu wa tala pa Mlangeni n'kubwerera. Mame ankatinyowetsa mpaka m'maondo. Azimayi ogulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu ankatikuwiza.

"Atsikana inu, mwaba chiyani kumtundako?"

"Tikuthawa ukwati, amayi!" ankayankha choncho mnzangayo osaima, iwo n'kufa nacho chiseko.

Pobwerera tinkapuma pamwala wina waukulu, miyendo ikunjenjemera, n'kumauzana zomwe sitikanauza munthu wina aliyense.

Ululu unayamba tili Folomu 3. Amayi ankandithowa ndi madzi otentha, ukachepa ndinkabwerera kumsewu, pakatha sabata n'kuyambiranso. Zinachitika katatu. Kachinayi bambo anandiperekeza kuchipatala ku Boma. Adokotala anagwiragwira mwendowo n'kunena kuti ukufunika kupuma masabata asanu ndi limodzi.

Ndinamvera ndi mtima wonse. Nsapato zanga za pakaunjika ndinazichapa n'kuzikankhira kunsi kwa bedi. Koma ino ndi nyengo yothirira kachewere kudimba. M'mawa ndi madzulo ndinkatsikira kuchitsime ndi makeni awiri, n'kukwera nawo odzadza mpaka kumizere yakumtunda. Kwathu kuno zimenezo sitiziwerengera, ndi ntchito chabe. Amayi mpaka anati, "Poti wasiya zothamangazo, nthawi uli nayo," n'kundiwonjezera mizere ya anyezi.

Dzulo ndinapitanso kuchipatala ndikutsimphina kuposa kale.

"Mwendowu mwaupumitsadi?" anafunsa adokotala aja.

"Eya. Sindinathamange ngakhale tsiku limodzi."

"Nanga mukaweruka kusukulu mumatani?"

Ndinawafotokozera. Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Makeni awiri? Pachitunda? Mwana wanga, bola mukanangothamanga!"

Anaseka, ine ndinachita manyazi. Kenaka anasiya kuseka. Anati tiyambirenso masabata aja, ndipo ndikaukakamiza mwendowo, fupalo likhoza kuchita mng'alu, n'kutha miyezi yambiri osathamanga.

Chondivuta n'chakuti mnzanga uja akusamuka Lamulungu. Malume ake amutenga kuti akamalizire sukulu ku Lilongwe. Tinapangana kalekale kuti mawa tithamanga komaliza mpaka pa Mlangeni, chifukwa ndinkakhulupirira kuti pofika pano ndikhala nditachira.

Wabwera masana ano ndikusenda chimanga pakhonde.

"Iwe, mawa m'mawa ndikugogodera pawindo."

Ndinamuuza za adokotala.

"Aa, tithamanga pang'onopang'ono ngati akuchikwati. Ukatopa ndikubereka."

"Iwe wowonda ngati bango, ungabereke ndani?"

Tinaseka, koma ndinatsala pang'ono kuvomera. Atapita ndinatulutsa nsapato zija. Dothi lofiira la njira yathu likadali m'mizere yakunsi kwake, madzi sanalichotse. Ndinavala imodzi n'kuimirira. Msongolo unandibaya pomwepo. Ndinaganiza za Disembala, pamene mnzangayo adzabwere kutchuthi. Ndikufuna adzandipeze ndili ndi miyendo iwiri, osati ndodo.

Ndiye mawa sindithamanga. Ndapempha bambo kuti andikweze pakaliyala ya njinga yawo, iwo azipalasa pambali pa mnzangayo mpaka pamsewu. Anang'ung'udza kuti anthu awayesa a kabaza, koma avomera. Tikabwerako ndikhala pansi ndi amayi n'kuwauza bwinobwino kuti makeni aja ndawasiya kaye. M'malo mwake ndizisankha mbewu ya kachewere nditakhala pamkeka, mwendo utatambasuka.