Theka la Chitenje cha Mayi Anastasia

Ena akamwalira timachita kufunafuna chabwino choti tinene. Za mayi Anastasia a kwa Mposa zili poyera, ndiye tingonena, tisataye nthawi.

Anabadwira m'banja la Alomwe, makolo awo ochokera ku Mozambiki. Sukulu anaisiyira panjira. Ali mtsikana, akatekisiti anawafotokozera za Martino Woyera, msilikali wakalekale amene anakumana ndi wopemphapempha akunjenjemera ndi chisanu. Martino anasolola lupanga n'kudula chofunda chake pakati, theka n'kumupatsa. Kutulo anaona Yesu atafunda theka lomwelo.

Anzawo anamva n'kuiwala. Anastasia anakagula lumo.

Kuyambira pamenepo chitenje chathunthu sichinkakhalitsa m'nyumba mwawo. Wina wabereka alibe mbereko, theka. Nkhalamba ikuzizidwa, theka. Amuna awo, malemu a Yotamu, analankhula mpaka kutopa.

"Bwanji osangopereka chonse m'malo moononga nsalu?"

"Martino sanapereke chonse. Mukufuna akazi anu aziyenda osavala?"

Kutchalitchi ankabwera atamanga matheka awiri osiyana, kumtunda maluwa, kumunsi nkhanga, akuimba kuposa tonse.

Amene zinkamuwawa ndi mwana wawo Emmie, wogulitsa nsalu pa Nsanama, mkazi woti pamtengo sagonja. Mantha ake anali amodzi. Kwathu kuno bokosi la mayi timalifunditsa chitenje cha mwiniwake, osati chongogula tsikulo. Ndiye mayi ake adzapite ndi kachidutswa, anthu akuloza mwana wogulitsa nsalu? Mayi atayamba kufooka, Emmie anawabweretsera chitenje chapamwamba, lumo lija n'kuwalanda.

"Ichi n'cha pabokosi panu. Mukachidula, ine ndi inu tathana."

"Iyayi mwananga, ndamva."

Chaka chomwecho madzi anasefukira. A Husna, mnansi wawo wachisilamu, anathawira kwa mayi Anastasia ndi khanda lonyowa lopanda chofunda. M'nyumbamo nsalu youma inali imodzi yokha. Emmie atafika anapeza theka. Anakhala pansi, manja kumutu.

"Si ndinakulandani lumo ine?"

"Mano otsalawa sunandilande."

Emmie anawakwiyira mpaka dzuwa kulowa. Koma phala anawaphikira.

Mayi Anastasia anamwalira mwamtendere atadzozedwa mafuta a odwala, kolona ili m'manja. Pamaliro Emmie anayala theka lija pabokosi, silinafike n'kumiyendo komwe. Anawerama ndi manyazi.

A Husna anadzuka pagulu, khanda lili m'manja, n'kuyala theka lawo pambali pa linzake. Maluwa ake anakumana ndendende. Kenako anadzuka wina, n'kudzukanso wina, ena ochokera kwa Kawinga amene sitinkawadziwa n'komwe. Matheka ofwifwa, azigamba, ena oti anabereka ana amene lero ali ndi ndevu. Amayi a mphakati wa kutchalitchi kwathu anatulutsa masingano n'kusoka pompo akuimba. Nsaluyo inakuta bokosi lonse, ina n'kumakwekwereka pansi.

Emmie anaiyang'ana ndi diso lake la pamsika lija, n'kupukuta misozi.

"Yachuluka iyi. Kumanda kulibe wozizidwa. Wina andipatse lumo."

Yotsalayo anaipereka kwa gogo wina amene anabwera atafunda thumba.

Lumo la mayi ake lili kwa Emmie mpaka lero, ndipo silichita dzimbiri. Pamtengo pokha sanasinthe, musapite ndi chiyembekezo. Mayi Anastasia awuse mumtendere. Kumene apitako, theka lililonse analipeza litawatsogolera.